Galimoto Yozima pa Manda

"Ndipatseni sipanala ya dezi, ya nambala teni ija," ndinatero, mutu uli m'kati mwa kapo ya galimoto, pamene pamakhala injini, miyendo ili pa njerwa ziwiri chifukwa ndine wamfupi.

Palibe anasuntha. Akamwini anga a Jeremias anali ataima kuseri kwa galimoto, manja kumbuyo, akuyang'ana tayala ngati lawalakwira. Mwana wanga Verónica, mkazi wawo, anagwira pakamwa. Alamu anga a Sebastião, mng'ono wa malemu amuna anga, anali pampando pansi pa mtengo wa mapichesi, chipewa pabondo, njinga yawo itatsamira nkhokwe.

"Alamu, tsikani pamenepo," anatero a Sebastião. "Anthu akuona."

"Aone, maso ndi awo. Verónica, m'bokosi la bambo ako muli sipanala yomangidwa kansanza kofiira. Bwera nayo, ndi lata ya mankhwala opopera ija, ndi mswachi."

A Sebastião anali atapalasa njinga m'mamawa kuchokera ku Lifidzi kudzatenga galimoto. Sanabwere ndi ndewu. Anabwera ndi nkhope yachisoni ndi mawu ofewa, ndipo zimenezo ndi zimene zinandikwiyitsa kwambiri.

Amuna anga a Bartolomeu anamwalira mwezi wa Abrili. Tinawaika kwathu kuno ku Domwe, kumene anakhala pachikamwini zaka makumi anayi ndi zitatu. Manda athu ali m'mbali mwa msewu, pokhota, pamene pali mitengo ikuluikulu ija. Kuno munthu sadutsa pa manda atsopano a apongozi ake ngati akuthamangitsidwa. Wanjinga amatsika, woyenda pansi amavula chipewa, woyendetsa galimoto amachotsa phazi pamoto n'kudutsa pang'onopang'ono. A Jeremias, amene anatenga chiwongolero bamboyo atamwalira, ndi munthu waulemu mpaka kutopetsa. Tsiku lina mu Junyu anapakira matumba a kachewere, anafika pa manda, anavula chipewa, anachotsa phazi pamoto, injini n'kuzima. Ndendende pamene pagona apongozi awo. Mlungu wotsatira inazimanso pomwepo. Pofika kachisanu, nkhani inali itafika ku Lifidzi, ndipo anthu a m'mudzi muno anayamba kukana kukweza matumba awo pagalimoto yathu.

"Malemu akulu anga akukana," ndiwo mawu amene a Sebastião anabwera nawo. "Munthu sangaimitse galimoto kasanu popanda chimene akunena. Akufuna ipite kwa abale ake, kumene kunachokera iye."

Galimoto imeneyi tinaigula ndi kachewere wa m'dimba la mayi anga. Pobwerera kuchokera ku Dedza nkhondo itatha tinali ndi khasu limodzi, bulangete ndi ana atatu, ndipo sindikumbuka kuti a Sebastião anasenzapo thumba ngakhale limodzi. Popanda galimotoyi, kachewere wathu azigulidwa pamunda ndi anyamata a ku Tete pamtengo umene iwo afuna. Koma ukatsutsana ndi munthu wamoyo anthu amakumvera, ukatsutsana ndi wakufa amakuthawa. Ngakhale Verónica wanga anali atayamba kunena kuti, "Amayi, ingowapatsani, tisaputenso zina."

Ine ndinangochita chinthu chimodzi. Lachitatu lapitalo ndinakwera nawo ulendo wa ku Kalomwe. Pa manda inazimadi. Titayenda pang'ono, ng'ombe zinadutsa msewu, a Jeremias n'kuchotsa phazi pamoto, inazimanso. Ku Kalomwe, pamzere wa malole, inazima kachitatu, mpaka anyamata onyamula katundu panjinga anatikankha akutiseka. Ndinawafunsa akamwini kuti, kodi bambo a Verónica tinawaika malo atatu? Anayankha akuyang'ana kumbali kuti kwinako ndi kuzima wamba. Ndiye kuti nthawi yonseyi inkazima paliponse, koma iwo ankangowerenga za pa manda.

Verónica anabwera ndi zida. Ndinayamba ndi kumasula waya wa batire, monga ndinaphunzitsidwira.

"Mudziwa chiyani za injini inu?" anafunsa a Sebastião. "Akulu ndiwo anali motorista, woyendetsa malole. Inu munali wa kumunda."

Chimene sankadziwa iwo sichinkadziwikanso ndi wina aliyense. Zaka zisanu ndi chimodzi zomaliza, maso a amuna anga anachita ng'ala ndipo manja ankanjenjemera. Chaka chilichonse tikakolola, fumbi likayamba, ankalowetsa galimoto kuseri kwa nyumba, kutseka chitseko cha mpanda, kukhala pampando womwewo umene anakhalapo a Sebastião, n'kumandiuza kuti masula apa, gwira apo, usakhudze kawaya ako. Ankachita manyazi kuti anthu angamve kuti motorista wa malole akubwereka manja a mkazi. Ine ndinasunga chinsinsi chawo. Chaka chino anapita nthawi ya ntchitoyi isanakwane, ndipo ine ndi maliro m'mutu ndinaiwala.

Ntchito yake si yaufiti. Mpweya wopita mu injini umadutsa pakholingo lachitsulo, ndipo m'kati mwake muli kachitseko kozungulira ngati chivundikiro cha lata. Amekaniko amati boriboleta. Ukaponda moto kachitsekoko kamatseguka. Ukachotsa phazi kamatseka, n'kusiya kampata kochepa ngati chikhadabo kuti injini izipumirapo. Kampatako kakamatidwa ndi mwaye ndi fumbi, injini imabanika nthawi iliyonse imene woyendetsa wachotsa phazi. Ine sukulu ndinalekera kwarta kalasi, chaka chachinayi, koma zimenezi ndinazimva tsiku limodzi.

"Nanga mukatha zanuzo, ikakazimanso?" anatero a Sebastião. Apa n'kuti anthu atayamba kudzaza pampanda.

Ndinatulutsa mutu m'kapo. "Ikakazima pa manda lero, makiyi ndi madokumento ake ndikupatsani ndi manja awiri, nditagwada. Ikakapanda kuzima, nkhani ya galimoto isadzamvekenso pakamwa panu. Anthu awa amva."

"Amayi!" anakuwa Verónica.

"Khala chete, gwira maparafuzo awa, timabawuti ta batireti, usataye ndi imodzi yomwe."

A Sebastião anavomera mofulumira kwambiri. Ndinaona kuti akhulupiriradi zimene akunena. Nanga vuto likakhala lina? Injini ili ndi matenda ambiri, ine ndimadziwa atatu okha. Koma mawu anali atatuluka.

Ndinamasula lamba wachitsulo womanga paipi yakuda yobweretsa mpweya, ndinaipotokola uku ndi uku mpaka inavuka. M'kati mwake munali fumbi lofiira, lochuluka loti ungadzalemo nyemba. Zimenezo zinandidabwitsa, chifukwa paipi imeneyi imakhala kuseri kwa sefa, ndipo fumbi siliyenera kufikako. Ndinatsegula bokosi la sefa ya mpweya. Munalibe kanthu. Munali tsamba limodzi la chimanga ndi chiwala chouma.

"Bambo a Telma," ndinaitana akamwini ndi dzina la mwana wawo. "Sefa ili kuti?"

A Jeremias anapitiriza kuyang'ana tayala lija kuseri kwa galimoto.

"Ndikufunsa inu. Musayankhe tayala, yankhani ine."

Mawu anabwera otsika, ngati a munthu wolapa kwa ansembe. Akuti mwezi wa Mayu galimoto inkalephera chitunda, anachotsa sefa kuti aikunthe, inang'ambika, anaitaya. Akuti mnzawo wina wa ku Kalomwe anawauza kuti galimoto imathamanga bwino ikamapuma momasuka.

"Miyezi itatu," ndinatero, "mukuimwetsa fumbi la msewu wa Domwe. Ndiye anthu akamati apongozi anu akwiya, inu n'kumagwedeza mutu."

Wina pampanda anaseka, mkazi wake n'kumugunda ndi chigongono.

Kholingolo limagwidwa ndi maparafuzo anayi. Atatu anamasuka bwino. Yachinayi, ya pansi, inakana. Ndinakoka mpaka phewa linalira. A Jeremias anasendera kuti athandize, koma ndinawabweza ndi dzanja. Ndinatuma Verónica kukatenga kachidutswa ka paipi ya madzi, ndinalowetsa chogwirira cha sipanala m'menemo kuti chitalike, ndinatsamira ndi thupi lonse, parafuzo n'kulira kuti kwe, n'kumasuka. Ndinazula kawaya kake mosamala, ndinachotsa kapepala kokhala pakati pa kholingo ndi injini osakang'amba, n'kutsika pa njerwa chitsulocho chili m'manja.

M'kati munali bii ngati kunsi kwa mphika. Kuzungulira kachitseko kunali phala lakuda lolimba, kampata konse katatsekeka. Ndinapaka chala, ndinapita pamene anakhala a Sebastião, n'kuwaonetsa pafupi ndi mphuno.

"Akulu anu aja ndi awa?"

"Alamu, musanyoze akufa."

"Sindikunyoza akufa. Munthu ameneyu ndagona naye mphasa imodzi zaka makumi anayi ndi zitatu. Sanali wamanyazi pondiuza zimene sakufuna. Akanakhala ndi mawu akanabwera kwa ine, osati kukalowa m'paipi."

Ndinakhala pansi, ndinatambasula miyendo, ndinayala thumba la feteleza pamwendo. Lata ya mankhwala inali yotsala chaka chatha, yopepuka kale. Ndinaigwedeza, ndinapopera pang'ono, madzi akuda n'kuyamba kuyenderera pathumba. Ndinatsegula kachitseko ndi chala chachikulu pang'onopang'ono, n'kumakwecha m'mphepete ndi mswachi.

"Mswachi umenewo ndi wa yani?" anafunsa a Sebastião.

"Wa malemu."

Anadzilemba chizindikiro cha mtanda.

"Musavutike, mano anali atawathera kalekale. Uwu unali wa galimoto."

Mbali imodzi inayera. Nditatembenuza kuti ndiyambe inayo, lata inangotulutsa mpweya, fuu, basi. Ndinaigwedeza, ndinaizondotsa, palibe. Pampanda anthu anayamba kunong'onezana, ndipo ndinamva mayi wina akuti ngakhale mankhwala akana. Ndinauza Verónica kuti anyowetse kansanza ndi gazolina wa m'chigubu, petulo pang'ono chabe. Ndinakulunga kansanzako pachala n'kumapukuta, kutali ndi kabokosi ka magetsi ka m'mbali mwa kholingo, kamene amuna anga ankati ndikakanyowetsa ndidzayenda pansi mpaka imfa. Phala la m'ngodya ndinalikanda ndi kamtengo ka nsungwi, chifukwa chitsulo chimasiya mabala. Zinanditengera nthawi. Msana unandipweteka, dzuwa linafika pamutu, ena pampanda anatopa n'kupita kukadya, n'kubweranso.

Pomaliza ndinatseka kachitseko, n'kukweza chitsulocho kuloza kudzuwa. Kuzungulira kachitseko kunaoneka kamzere ka kuwala, kopyapyala ngati ulusi, kosaduka paliponse. Amuna anga, maso atafa kale, ankandifunsa funso limodzi lokha pamenepa: "Kuwala kwazungulira?" Ndinayankha chamumtima kuti kwazungulira, n'kudzuka.

Sefa yatsopano ndinalibe, koma a Bartolomeu sankataya kanthu. Kudenga la khitchini kunali ya chaka chatha, yokunthidwa bwino, yokulungidwa m'pepala. Ndinaiika m'bokosi lake. Ndinabwezera kapepala, kholingo, maparafuzo anayi mopingasa, kawaya, paipi, lamba, pomaliza batire.

"Lizani," ndinauza a Jeremias.

Anapotokola kiyi. Injini inakhosomola kawiri n'kukhala chete. A Sebastião anavala chipewa n'kuimirira, akukuntha fumbi pathalauza.

"Khalani pansi alamu, simunaitanidwe. Yameza mankhwala, ilavule kaye. Lizaninso, phazi lisakhudze moto."

Inakhosomola, inagwira, inabangula kwambiri, utsi woyera n'kutuluka kumbuyo mpaka nkhuku zinabalalika. Kenaka mawu ake anayamba kutsika, kutsika, mpaka anakhazikika. Ndinatseka kapo, ndinaikapo kapu ya madzi monga ankachitira mwini wake. Madzi ankangonjenjemera pang'ono, osatayika.

"Pabwalo pano sipamene timakangana," anatero a Sebastião. "Tiyeni ku manda."

"Ndimadikira inu."

Tinakwera atatu kutsogolo, a Jeremias pachiwongolero, ine pakati, a Sebastião kukhomo. Mkamwini kukhala phewa ndi phewa ndi apongozi ake aakazi si mwambo wathu, ndipo munthuyo anadzipanikiza kuchitseko ngati ndili ndi mphere. Kumbuyo kunadzaza anthu, omwe aja amene mlungu watha ankakana kukwezapo ngakhale thumba la nyemba.

Kuchokera kwathu kukafika pa manda ndi mtunda waufupi. Titadutsa chigayo, mitengo ija itayamba kuoneka, ndinamva injini ikukwera mawu. A Jeremias ankaponda moto. Thukuta linali chuchuchu m'khosi mwawo. Ndinazindikira kuti akufuna kundipulumutsa, adutsepo ndi liwiro kuti isapeze mpata wozima.

"Mukuchita chiyani?"

"Amayi, ndimati mwina..."

"Chotsani phazi. Vulani chipewa. Mwadutsa pano mwaulemu miyezi yonseyi, lero ndiye mukufuna kuwathira fumbi apongozi anu? Ine sindinabwere kudzaba galimoto yanga yomwe."

Anachotsa phazi. Galimoto inayamba kuyenda ngati ng'ombe yotopa.

"Imani."

"Tiime?"

"Pomwepa. Imani, musazimitse."

Tinaima ndendende pamene inkazimira. Mawu a injini anatsika, galimoto inagwedezeka kamodzi, ndipo ndinamva a Sebastião akukoka mpweya. Ine ndinagwira bondo langa mwamphamvu mpaka zikhadabo zinalowa. Inagwedezekanso pang'ono, kenaka inakhazikika, n'kumangolira bwinobwino ngati mphaka wakhuta.

Sindinafune kuti wina adzati tinathawa msanga. Ndinanena Atate Athu yense chamumtima, osafulumira, ndinawonjezera Tikuoneni Maria. Pakati pa mitengo ndinkaona mtumbira wa amuna anga, nkhata za maluwa zitauma, dothi litayamba kutsika. Ndinawauza kuti chinsinsi chawo chija ndaulula, andikhululukire, koma nawonso anasiya lata yosadzaza.

Kumbuyo mayi wina anaimba nthungululu, wina n'kumuletsa kuti pano ndi pa manda.

A Sebastião anayang'ana kumitengo. Maso awo anali atafiira. Pomaliza anati, "Akulu asintha maganizo. Aona kuti mwaigwira ndi manja anu."

Ndinafuna kuwauza kuti chimene chasintha ndi mwaye, koma ndinaona kuti munthuyo akusowa polowera. "Kanene choncho ku Lifidzi ngati mufuna," ndinatero, "bola mukanene mokweza ngati mmene munanenera zoyamba zija."

"Mkulu wanga anandilera ine," anatero, osandiyang'ana. "Kwathu kulibe ngakhale kanthu kake kamodzi koti ndiziona."

"Mukananena zimenezo poyamba, bwenzi nditaphika tiyi m'malo mokwera pa njerwa. Jekete lawo lachikopa la pa malole lija lili m'sutikesi. Mutenge."

"Nanga sipanala ya kansanza kofiira ija? Ndimaikumbuka kuyambira kale."

"Jekete. Sipanala ili ndi ntchito."

Tinabwerera kunyumba. Ndinawapatsa jekete, analivala pomwepo ngakhale kunkatentha, ndipo ndinauza a Jeremias kuti akweze njinga yawo kumbuyo akawatule ku Lifidzi, anthu akumeneko akaione galimoto ikubwera ndi kubwerera. Anthu a pampanda anayamba kufunsa ngati Loweruka kuli malo a matumba awo. Ndinati afunse Verónica, ine ndikusamba m'manja.

Mwaye wa injini suchoka ndi sopo yekha. Ndinali ndikukwecha zala ndi phulusa pamene ndinaona akamwini akuzembera kuseri kwa galimoto, kudikira kuti a Sebastião amalize kutsanzika.

"Bambo a Telma, bwerani kuno. Osati kuseriko, kuno kutsogolo kwanga. Ndiyang'aneni, sindiluma."

Anabwera, anagwada patali, chipewa m'manja.

"Kung'amba sefa si mlandu, aliyense amang'amba. Chimene chandipweteka n'chakuti munadziwa kuti m'bokosimo mulibe kanthu, munadziwa kuti ikuzima paliponse, koma munasiya dzina la apongozi anu lizungulire mudzi wonse ngati munthu wovutitsa ana ake ali m'manda. Galimoto ikanapita lero chifukwa cha manyazi anu. Ulemu wovula chipewa ndauona, ndi wabwino, pitirizani. Koma ndikufunanso ulemu wotsegula pakamwa. Mawa mupite ku Ulongwe mukagule sefa yatsopano ndi lata yodzaza. Mukabwera nazo tidzamasulanso, inu ndi sipanala, ine pampando, chitseko cha mpanda chili chotsegula. Manja angawa atsala ndi zaka zochepa. Chonde, chaka chamawa fumbi likadzayamba, ndisadzakwerenso pa njerwa. Mudzachite bwino kuposa apa."